Botolo Lopanda Dzina

Munthu woyenda ku Roma masiku ano, kutsata Zambezi Road, kapena wopita ku Kabulonga ndi ku Woodlands, aona kuti nyumba zasintha nkhope. Pamene kale panali mazenera ang'ono a citsulo, lero pali magalasi akulu ngati zitseko, miyala yonyezimira yomatidwa pa makoma, ndi njerwa zimene mvula ingotsetserekapo osalowa. Eni ace anyada nazo, ndipo ine sindiwatsutsa. Cimene nditsutsa ndi ici, kuti anthu omata magalasiwa ndi opaka makomawa, amene ambiri a iwo ndi anyamata a ganyu ocokera ku Ng'ombe ndi ku Garden, amapatsidwa mankhwala m'manja popanda kuuzidwa dzina lace kapena ukali wace. Umenewu ndi mlandu, ndipo mwini mlandu ndiye wolemba nchito.

Pakati pa mankhwala otere pali mtundu wina, dzina lace silane. Galasi ndi mphira sizimvana, ndiponso mwala ndi utoto sizigwirana nthawi yaitali, pakuti cinyezi cimalowa pakati pao ndi kuzilekanitsa. Silane ndiye nkhoswe ya ukwati wobvuta wotere. Ali monga munthu wa manja awiri: dzanja limodzi ligwira galasi, mcenga kapena citsulo, linzace ligwira mphira, utoto kapena pulasitiki. Anayamba kumgwiritsa nchito m'zaka za m'ma 1940 polimbitsa pulasitiki ndi ulusi wa galasi, ndipo Edwin Plueddemann wa ku kampani ya Dow Corning ku America anamfufuza zaka zambiri, nalemba buku la za iye mu 1982. Mu 1992 a Michelin anatulutsa matayala a mphira wosanganiza ndi ufa wa silika, ndipo wogwirizanitsa ziwirizo anali silane yemweyu. Lero apezeka m'zomatira magalasi a nyumba ndi a galimoto, m'mankhwala oyamba kupaka asanamate, m'madzi opopera pa njerwa kuti mvula isalowe, ngakhalenso kwa madokotala a mano. Ndi cinthu cothandiza ndithu, ndipo wopusa yekha ndiye anganene kuti ticileke.

Koma nkhoswe imeneyi ili ndi khalidwe lace limene wogwira nchito ayenera kulidziwa. Silane sangagwire galasi asanakomane ndi madzi, ndipo akakomana nao amataya mbali ina ya thupi lace. M'mitundu yambiri cimene amataya ndico methanol, ululu umodzimodzi umene umacititsa khungu anthu omwa mowa wacinyengo. Mtundu wina wodziwika, vinyltrimethoxysilane, kilogalamu imodzi yokha ikhoza kutulutsa methanol woposa theka la kilogalamu. Ndipo masupuni awiri ang'ono a methanol akwanira kuononga maso a munthu wamkulu, pamene oonjezerapo pang'ono akhoza kupha. Tsono madziwo ali kuti? Ali mu mpweya wa m'dzinja, ali m'thukuta la m'manja, m'misozi, m'mapapo ndi m'mimba. Coipitsitsa ncakuti ululuwu sufulumira kudzionetsa. Munthu akhoza kuweruka bwino lomwe, nafika kwao, nadya nsima, ndipo mutu, kusanza ndi cifunga ca m'maso zidzayamba usiku kapena m'mawa mwace, pamene palibe woganiziranso za botolo la dzulo.

Mitundu ina, imene m'dzina lace muli mau akuti amino, imaocha thupi monga soda wamphamvu, ndipo dontho limodzi m'diso likhoza kusiya cilema ca moyo wonse. Inanso nthunzi yace imagwira moto pa kutentha kosafika madigiri 30, kumene ku Lusaka kuno timakupitirira m'mwezi wa October, kotero kuti ndudu imodzi kapena nthethe za makina odulira citsulo zikwanira.

Tisaopsezane copanda pace. M'kacubu ka silikoni kamene munthu amata nako sinki kunyumba muli silane wocepa, ndipo pfungo lija lowawasa la mitundu ina ndi la asidi wa viniga. Kutsegula mazenera ndi kusamba m'manja kukwanira, ndipo zikauma bvuto latha. Ngozi yeniyeni ili pa amene amatsanula mankhwala osasungunula kucokera m'zigubu, ndi amene amapaka kapena kupopera tsiku lonse m'zipinda zotseka.

Opanga mankhwala sabisa zimenezi. Mu 2003 bungwe la United Nations linasindikiza dongosolo limodzi la macenjezo a mankhwala la maiko onse, lokhala ndi zithunzi 9 zozingidwa ndi mzere wofiira: lawi la moto, cigaza ndi mafupa, dzanja lodyeka, ndi zina. Mankhwala otere ali ndi pepala lacenso la zigawo 16 lofotokoza kasungidwe, zobvala, ndi cocita pa ngozi. Nanga zonsezi zimathera kuti? Cigubu cokhala ndi cithunzi cimatsala m'nyumba yosungira katundu. Pepala lili m'Cingerezi cozama, kapena m'Cichaina, ndipo lili m'kabati ya bwana ngati linafika nkomwe. Kapitao amatsanulira pang'ono m'botolo la madzi akumwa lotha nchito, napatsa mnyamata, nati, "Paka apa." Silane wambiri ndi woyera mbuu ngati madzi. Botolo lotere liikidwa pa zenera, pambali pa botolo lina la madzi enieni, m'nyumba imene mukulowa amisiri ena, mlonda, ndi ana a woyang'anira munda.

Ndamva olemba nchito akudzikanira kuti anyamatawa ndi osaphunzira, ndipo kuwafotokozera ndiko kutaya nthawi. Yankho lace lili pafupi, kutsidya kwa Great East Road. Mu 2006 Samuel Banda ndi Kwenga Sichilongo a ku University of Zambia anasindikiza zimene anapeza atafunsa anthu a m'dziko muno za macenjezo a pa mankhwala. Cizindikiro ca mtanda wopingasa, cimene masiku amenewo cinali pa mabotolo ambiri, anthu oposa 80 mwa 100 ali onse sanacimve. Koma anapezanso kuti cosiyanitsa womva ndi wosamva sicinali sukulu kapena msinkhu ai, koma kuzolowerana ndi mankhwalawo ndi zizindikiro zace. Ndiko kunena kuti munthu woonetsedwa amadziwa, ndipo wosaonetsedwa sadziwa, angakhale anafika Fomu yanji. Umbuli wa mnyamata wa ganyu wapangidwa ndi amene anali ndi pepala nalisunga.

Ena amati Cinyanja cilibe mau a zinthu za sayansi. Tiyeni tiyese. Usatsanulire mankhwala m'botolo la cakumwa. Cotengera ciri conse cilembedwe dzina. Tseka cigubu msanga, ucisunge pouma ndi pamthunzi, kutali ndi moto, pakuti madzi akalowamo cimafufuma ndi nthunzi. Tsegula zitseko ndi mazenera. Bvala magalasi otseka maso mbali zonse, ndi magolovesi a mphira wokana mankhwala, osati a nsaru, amene amangomwa mankhwala ndi kuwasunga pathupi. Kansaru ka pamphuno kochinga pfumbi sikachinga nthunzi. Akatayikira pansi, thirapo mcenga, uwole. Akagwera m'diso, tsuka ndi madzi oyera ambiri mphindi 15 osalekeza, kenaka thamangira ku cipatala. Munthu akamwa, usamsanzitse ndipo usadikire kuti ayambe kudwala; pita naye ku cipatala pamodzi ndi dzina la mankhwala. Kodi pamenepa pali liu limene mnyamata wa ku Ng'ombe sangamve? Kunena zonsezi sikutha ndi mphindi zisanu zomwe. Dzina la mankhwala ndilo lofunika koposa ku cipatala, cifukwa madokotala a ku University Teaching Hospital ali ndi njira yolimbana ndi methanol akadziwa msanga kuti mdani ndi ameneyu. Koma wodwala wongoti "ndinapaka madzi a m'botolo" awapatsa nchito yolota.

Pali mwambo wina umene ndifuna kuuchula, wakuti wogwira nchito ya mankhwala apatsidwe mkaka. Mkaka ndi cakudya cabwino, ndipo wanjala asaukane. Koma sutsuka mapapo, subweza maso, ndipo sugonjetsa methanol ngakhale pang'ono. Bwana wogula paketi ya mkaka m'malo mwa magalasi a maso wagula mtendere wa mtima wace yekha. Cimodzimodzi amene amati kacasu amacotsa ululu. Zimene madokotala amacita ndi muyeso ndi kupima magazi sizingacitike pa shabini.

Inde, alipo anyamata amene amabvula magolovesi, namati amacedwetsa nchito kapena kuti ndi za amantha. Alakwa, ndipo anzao awadzudzule. Akulu anati safunsa anadya phula. Komatu mwambiwu unanenedwa m'mudzi mmene wofunsa amayankhidwa. Pa cipata ca ku Roma, pamene anthu khumi akudikira ganyu imodzi, wofunsa mafunso ambiri sabwereranso mawa, ndipo onse adziwa cimeneco.

Ngozi siithera pa malo a nchito. Cigubu cikatha, cimagulitsidwa kapena kupatsidwa kwa wanchito monga mphatso, ndipo m'makomboni mmene madzi ndi otunga cimasanduka cosungira madzi akumwa, cotsalira ca mankhwala ciri m'kati. Mgolo wacitsulo umapita kwa wopanga mbaula, amene amaudula ndi makina otulutsa nthethe osadziwa kuti mgolo wooneka wopanda kanthu ndi wodzala ndi nthunzi yoyaka.

Malamulo alipo. Lamulo la mafakitale linakhazikidwa mu 1966. La mu 2010 la umoyo ndi citetezo pa nchito linaika pa wolemba nchito udindo wopatsa anchito ace cidziwitso, malangizo ndi maphunziro. Mu 2011 kunabadwa bungwe la ZEMA loyang'anira mankhwala a ululu ndi zotayidwa zace. Pamene dziwe la zinyalala za asidi linaphulika ku Chambishi mu February 2025, ululu nulowa m'mtsinje wa Kafue, dziko lonse linapfuula, ndipo linacita bwino. Koma diso limodzi loonongeka m'bafa ya nyumba yatsopano silifika m'nyuzipepala, ndipo mnyamata wosalembedwa m'buku liri lonse ayamba bwanji kupempha cipukutamisozi ku Workers' Compensation Fund Control Board?

Oyendera a Boma ndi owerengeka, ndipo sangalowe mpanda uli wonse. Cifukwa cace ndilankhula kwa inu eni nyumba a ku Roma, amene ndalama zicokera m'thumba mwanu. Mumafunsa kontrakitala mtengo wa galasi ndi tsiku lomaliza nchito. Mfunseninso maina a mankhwala amene alowe pa cipata canu, akuonetseni pepala lace, ndipo aliwerengere anyamata ace m'cinenero cao inu muli pomwepo. Mukapeza botolo lopanda dzina pa zenera, nchito iime kufikira litalembedwa, ndipo zigubu zotha azibweze yekha kumene anazigula.