Mutu umodzi susenza denga, ngakhale wa Kinnah

Mutu umodzi susenza denga, anatero akale, koma m'malo oonetsera mpira ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 25 mwambiwu umaiwalika mkangano ukafika pa Kinnah Phiri ndi Gabadinho Mhango. Akuluakulu amangotchula zigoli 71 zomwe Kinnah anamwetsa akusewerera Flames, basi nkhani yatha. Achinyamata amatulutsa foni n'kuonetsa chigoli chomwe Gaba anachinya ali kutali pokumana ndi Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022. Onsewa akuyeza munthu ngati ankasewera yekha. Chigoli chimabadwa m'nthawi yake: bwalo lake, anzako okupatsira mpira, adani ako, ngakhalenso malamulo, pakuti mpaka 1992 goloboyi ankaloledwa kugwira ndi manja mpira umene mnzake wamubwezera ndi phazi.

Okonda cricket vutoli amalidziwa bwino. Don Bradman wa ku Australia, amene anasewera kuyambira 1928 mpaka 1948, ankamenya mpira osavala chipewa choteteza mutu, pamabwalo osafundikidwa mvula ikagwa, ndipo anasewera ma Test (masewero a pakati pa mayiko) 52 okha. Sachin Tendulkar wa ku India anasewera 200. Kungowerenga ma run (zigoli za cricket), Tendulkar ndiye dolo. Koma avereji ya Bradman inali 99.94 pamene akatswiri anzake a nthawiyo ankalekezera cha pa 60. Funso loyenera ndi limenelo: munthuyu anzake a m'badwo wake anawasiya patali bwanji?

Wina anena kuti Kinnah ankagoletsa matimu a m'chigawo chino, ndipo Flames inakafika koyamba ku Africa Cup of Nations mu 1984 iye atasiya kale kuisewerera, pamene Gaba anagoletsa Morocco yomwe mu 2022 momwemo inafika mu semifainolo ya World Cup. Mfundoyi ndi yolemera, sitingaikankhire kumbali. Komabe matimu a m'chigawo omwewo ankakumananso ndi anzake onse a Kinnah, ndipo palibe anafika pafupi ndi 71. Flames yake inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979. Chomupweteka n'chakuti zigoli zake anthu ambiri anangozimva pa wailesi ya MBC, poti Television Malawi inayamba mu 1999, ndiye mnyamata wa ku Chinsapo alibe kanema woti abwereze. Kusowa kwa kanema si umboni woti mpirawo unali wozizira. Pa muyezo wa m'badwo, Kinnah akadali patsogolo, ndipo Gaba ali ndi mtunda woti ayende.