Chaka chozokotedwa pa koneti si chaka chimene inapangidwa

Pali mawu amene afala pakati pa ogulitsa zinthu zakale ndi ena oyang'anira mabandi a malipenga, ndipo akungobwerezedwa ngati nkhani yosatsutsika. Akuti koneti ikakhala ndi chaka chozokotedwa pachikamwa pake, paja potulukira mawu, chimenecho ndicho chaka inatuluka m'fakitale, ndipo chakacho chikakhala chamakedzana ndiye kuti mwini wake watola chuma. Ife tikukana zonse ziwiri, ndipo tikukana mwamphamvu chifukwa opwetekedwa ndi bodza limeneli si anthu olemera osonkhanitsa zinthu zakale. Opwetekedwa ndi mabandi a m'mipingo ndi a m'masukulu, amene amasonkha ndalama movutikira n'kugula lipenga la kaunjika lochokera ku Britain kapena ku France, poganiza kuti zolembedwa pamkuwa sizinama. Zolembazo nthawi zambiri sizinamadi, koma zimanena nkhani ina, yosiyana ndi imene wogulitsa akufuna kuti timve.

Taonani makoneti a Couesnon, kampani ya ku France imene inatumiza malipenga ambirimbiri m'mayiko osiyanasiyana. Ochuluka mwa iwo ali ndi mawu otchula chionetsero chachikulu cha ku Paris cha 1900, ndipo munthu akaona 1900 amafulumira kuwerenga zaka. Komatu chaka chimenecho chikukumbutsa za ulemu umene kampaniyo inalandira pachionetserocho, ndipo Couesnon inapitiriza kudinda mawu omwewo kwa zaka makumi angapo chionetserocho chitatha. Besson, amene woyambitsa wake Gustave Besson anayambira ku Paris asanakhazikike ku London m'zaka za m'ma 1850, nayonso inkalemba za mamendulo 50 aulemu pamalipenga ake, pamodzi ndi keyala ya 198 Euston Road, kwa nthawi yaitali ndithu. Opanga a ku America, monga C.G. Conn wa ku Elkhart, ankadinda masiku amene boma linavomereza kuti kapangidwe kenakake ndi kawo. Zolembedwa zonsezi ndi malonda: wopanga akudzitama pamaso pa ogula. Chokhacho chimene chaka chotere chimatsimikiza n'chakuti koneti sinapangidwe chakacho chisanafike. Kuti inapangidwa patapita chaka chimodzi kapena zaka 30, icho sichinena kanthu.

Zaka zenizeni za koneti zimapezeka pophatikiza maumboni angapo, ndipo woyamba ndi dzina la kampani monga momwe lalembedwera. Boosey & Co ndi Hawkes & Son anali makampani awiri opikisana mpaka 1930 pamene anaphatikizana, choncho lipenga lolembedwa Boosey & Hawkes silingakhale la nthawi ya nkhondo yoyamba yapadziko lonse, ngakhale lithimbirire chotani. Dzina la dziko nalo limayankhula. Czechoslovakia kunalibe isanafike 1918, ndipo West Germany inabwera nkhondo yachiwiri itatha. Malipenga a Salvation Army otchedwa Triumphonic kapena Bandmaster ankapangidwa m'fakitale ya mpingowo ku St Albans, imene inagwira ntchito kuyambira 1901 mpaka pamene inagulitsidwa kwa Boosey & Hawkes mu 1972. Umboni wamphamvu koposa ndi nambala ya kufakitale, imene imadindidwa pambali pa mavalavu kapena pachikamwa. Mabuku a m'fakitale ya Boosey akusungidwa ku Horniman Museum ku London, ndipo ofufuza anatengamo ndandanda zosonyeza nambala ziti zinapangidwa chaka chiti. Ndi bwinonso kumasula mavalavu n'kuona ngati manambala a pa iwo akugwirizana ndi a pathupi la lipengalo, poti okonza malipenga akhala akusinthanitsa ziwalo kuyambira kalekale.

Ena atiyankha kuti si kampani iliyonse inasiya mabuku otere, ndipo kumene kulibe nambala yodalirika, maonekedwe ndiwo azitsogolera. Mfundo yoyambayo n'njoona. Mafakitale a ku Graslitz ndi ku Markneukirchen ankapanga makoneti opanda dzina, amene masitolo akunja ankadindapo mayina awoawo, ndipo malipenga otere n'ngovuta kuwalondola. Maonekedwe amathandizadi: chitoliro chopindika kumbuyo ngati ndodo ya mbusa, kapena timapaipi tochotseka tosinthira lipenga kuchoka ku B-flat kupita ku A, zimaloza ku kapangidwe ka kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi koyambirira kwa za m'ma 1900. Koma maonekedwe ndiwo osavuta kubera. Ku India kumapangidwa makoneti otsika mtengo m'kalembedwe kakale komweko, ena odindidwa mayina ongofanana ndi a makampani otchuka a ku London, monga Bessons, ndipo ena amachita kuwadetsa dala kuti aoneke okalamba. Amazindikirika ndi zilembo zosalongosoka, zowotcherera zamphwephwa, ndi mavalavu ogwedera ngakhale sanagwirepo ntchito. Choncho kumene umboni uli wochepa, munthu woona mtima amanena kuti koneti ndi ya pakati pa zaka zakutizakuti, osati kutola chaka chimene chikukometsa mtengo.

Mbali yachiwiri ya bodzali, yakuti ukale ndi chuma, ndiyo imawononga ndalama zambiri. Koneti inabadwa ku France cha m'ma 1830, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mabandi a m'migodi, m'mafakitale ndi m'mipingo ya ku Britain anali masauzande. Malipenga anapangidwa ochuluka zedi, ambiri a iwo otchipa, a ophunzira, ndipo kukalamba sikunawasandutse osowa. Mtengo wa koneti yoti iimbidwe umagona m'mavalavu ake. Akaperepeseka, mpweya umathawira m'mbali, mawu amafooka, woimba n'kumalimbana ndi lipenga m'malo moimba nyimbo. Kuyesa kwake n'kosavuta: kokani kapaipi ka valavu imodzi osaidina, kenaka idineni, ikakhala yabwino mumva kaphokoso ka mpweya, ikakhala yotha simumva kanthu. Kukonzanso mavalavu otha kumafuna mmisiri waluso ndi zipangizo zapadera, ndipo nthawi zambiri mtengo wake umaposa wa lipenga lenilenilo. Palinso timadontho tofiirira timene timaoneka pachitoliro choyambira kukamwa. Mkuwa wa malipenga ndi kopa wosakaniza ndi zinki, ndipo chinyezi cha mpweya wa woimba chikadya zinki kuchokera m'kati, pamatsala kopa wofumbwa amene pamapeto pake amabooka. Kunja lipenga lingakhale likunyezimira siliva, koma paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Chimene ogulitsa ambiri satchula n'komwe ndi kukwera kwa mawu. Masiku ano zoimbira zimachunidwa kuti noti ya A izinjenjemera ka 440 pa sekondi, muyeso umene unagwirizanidwa ku London mu 1939. Mabandi a malipenga a ku Britain anakakamira muyeso wakale wa pafupifupi 452 mpaka m'ma 1960, pamene Boosey & Hawkes ndi Salvation Army analeka kupanga malipenga otere. Kusiyana kumeneku kuli pafupifupi theka la mpata wa pakati pa manoti awiri oyandikana pa piyano, ndipo khutu la aliyense limakumva. Koneti yotere, ngakhale ikhale ya Besson weniweni, siigwirizana ndi kiyibodi ya m'tchalitchi kapena malipenga atsopano pokhapokha itawonjezeredwa utali wa mapaipi, ndipo ngakhale zitatero manoti ena amatsalabe okhota.

Sitikukana kuti pali makoneti akale amtengo wapatali. Courtois wabwino wa ku Paris, kapena lipenga lozokotedwa mwaluso limene mbiri ya mwini wake ili ndi zikalata, osonkhanitsa amalipira bwino, ndipo oimba ena amakondadi mawu ofatsa a koneti zakale. Koma amene amalipira ndalama zoterozo ndi omwewo amene amayamba afufuza nambala, kuyesa mavalavu ndi kufunsa za muyeso wa mawu, ndipo amathawa lipenga limene lakwechedwa ndi msasa mpaka zilembo kufufutika. Ukale paokha sawugula. Nanga bandi ya ana asukulu iwugulirenji?

Inu oyang'anira mabandi ndi makomiti a m'mipingo, musanapereke ndalama funsani nambala ya kufakitale ndi dzina lonse lolembedwa pachikamwa, yesani mavalavu onse atatu, ndipo woimba wanu aimbe lipengalo pambali pa kiyibodi. Wogulitsa akakana zimenezi n'kumangolozabe chaka cha 1900, bwererani ndi ndalama zanu.