Nyimbo za lendi sizidzakhala zanu

Kuyambira mu 2024, kampani ina yaikulu ya nyimbo za pa intaneti inalamula kuti nyimbo imene sinamveredwe kokwana ka 1,000 pa miyezi 12 isamalandire kalikonse. Ndalama zimene oyimba ang'onoang'ono akanalandira zikuwonjezeredwa kwa amene ali nazo kale. Ndakhala ndikudikira kuti amene amati amayankhulira oyimba m'dziko muno atsegule pakamwa pa nkhaniyi. Ali zii. M'malo mwake akupitiriza kusonkhanitsa achinyamata m'mahotela n'kumawauza kuti tsogolo la nyimbo lili pa foni.

Tsogolo la ndani? Tiyambe ndi inu womvera. Mukalipira mwezi uno, simunagule nyimbo ngakhale imodzi. Mwalipira lendi. Nyimbo zimene mwasunga m'foni kuti muzimvera popanda netiweki zimatsekedwa mukangosiya kulipira, ndipo ngakhale mukulipira, foni ikatha masiku 30 osalumikizidwa pa intaneti, nyimbozo zimakana kulira. Mwini nyumba akasemphana ndi mwini nyimbo, chimbale chonse chimasowa usiku umodzi, inu osafunsidwa. Mndandanda umene mwausanja kwa zaka zisanu, wa nyimbo za pa ukwati wanu, za kwaya ya kwanu, zimene ankakonda malemu mayi anu, uli m'manja mwa anthu amene sadziwa n'komwe kuti Ntcheu ili kuti. Ndi lendi basi, ndipo wa lendi satuluka ndi chitseko.

Tsono amabwera anzathu ophunzirawa, atavala masuti, n'kumaseka mnyamata wa pamsika amene amaika nyimbo mu memore khadi. Ati zimenezo n'zachikale. Ati dziko linapita patsogolo. Anthu amenewa amayankhula ngati sanagulepo bandulo ndi ndalama ya m'thumba mwawo. Anthu oposa 80 pa 100 aliwonse m'dziko muno amakhala kumudzi, kumene kutchajitsa foni kokha n'kolipira. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja zikusowa, ndipo aliyense amene anayesapo kulipira kanthu kunja ndi khadi la ku banki akudziwa chizunzo chake. Ndiye munthu wa ku Nsanje agule bandulo, alipirenso lendi ya mwezi, kuti amvere nyimbo imene sidzakhala yake? Ndipo akakana, iyeyo ndiye wotsalira? Wotsalira ndi amene amawerenga malipoti a ku Ulaya osayang'ana pa windo.

Akapanikizika amatchula a Giddes Chalamanda. Inde, nyimbo yawo ya Linny Hoo inazungulira dziko lonse pa intaneti. Koma agogowa anabadwa mu 1930, anaimba zaka makumi ambiri intaneti kulibe, ndipo anthu a ku Chiradzulu sanadikire azungu kuti awadziwe. Mwayi wa munthu mmodzi sungakhale ndondomeko ya oyimba onse. Nanga kwaya ya kumpingo imene yajambula chimbale ndi ndalama za zopereka? Nanga mnyamata wa banjo amene nyimbo yake yamveredwa ka 700? Ameneyo walandira chiyani? Palibe. Ndalama zonse zimathiridwa m'thumba limodzi n'kugawidwa potengera amene wamveredwa kwambiri, moti inu mutha kumvera woyimba mmodzi yekha wa kwanu mwezi wonse, koma gawo lalikulu la ndalama yanu n'kupita kwa anthu amene simunawamverepo.

Sindikuikira kumbuyo kuba. Amene amagawa nyimbo za eni popanda chilolezo akudyera thukuta la ena, ndipo lamulo la umwini la 2016 liyenera kugwira ntchito. Koma mankhwala a kuba si lendi. Mankhwala ake ndi kugula. Nyimbo za Allan Namoko, Daniel Kachamba, Robert Fumulani ndi Evison Matafale zinatifikira chifukwa anthu anagula makaseti, anasunga, anakoperana, ndipo wailesi inasunga matepi ake. Zikanakhala kuti makolo athu ankamvera pa lendi, zambiri mwa izo zikanapita ndi kampani imene inazisunga.

Choncho gulani nyimbo kwa woyimba mwiniwake, pa shoo kapena pomutumizira ndalama pa foni. Zisungeni pa kompyuta, muzikoperenso pa fulashi ina chifukwa memore khadi imafa osatsanzika. Lembani dzina la woyimba, la chimbale ndi chaka, kuti mwana wanu asadzapeze mulu wa nyimbo zopanda mayina. Ofuna kulipira lendi alipire, ndi ndalama zawo, koma asiye kunamiza oyimba athu kuti nyumba ya lendiyo ndi yawo. Ndipo inu amene mumalandira malipiro mwezi ndi mwezi m'dzina la oyimba, tiuzeni poyera: pa lamulo la 1,000 lija, munalemba kalata kwa ndani?