Nkhokwe ya Mawu Imafunika Malangizo

Pulogalamu yabwino ikasowa malangizo omveka, imathera m'manja mwa amene anailemba. Django REST framework, yomwe Tom Christie anailemba m'chiyankhulo cha kompyuta cha Python, imatsegula nkhokwe ya deta kuti mapulogalamu ena azitungamo kudzera pa intaneti. Khomo lotungirali, lotchedwa API, limaonekanso ngati tsamba wamba, ndipo mwini wake angathe kusintha maonekedwe ake.

Mphamvu ya chidachi siili m'khodi yokha. Malangizo ake amayamba ndi phunziro lotsogolera wongoyamba kumene pang'onopang'ono, kenako amalongosola gawo lililonse palokha. Mu 2014 Christie anatulutsanso MkDocs, chida cholembera malangizo otere.

Osonkhanitsa mawu a Chichewa ndi Chinyanja ayenera kutengerapo phunziro. Mtanthauziramawu woikidwa pa API azinena poyera: kodi chilembo cha "ŵ" chasungidwa kapena chasiyidwa? Nanga mawu a ku Chipata asiyanitsidwa bwanji ndi a ku Lilongwe kapena ku Tete? Zimenezi zikapanda kulembedwa, wotunga amasakaniza mawu mosadziwa, ndipo cholakwacho chimafalikira m'pulogalamu iliyonse yomwe yamwa pachitsimepo.