MUNDA WA KAFUKUFUKU USASIYIDWE M'MANJA MWA ALENDO

Pali mau ena amene amamveka kaŵirikaŵiri m'maofesi pa nyengo yokonza ndondomeko ya chuma cha Boma, ndipo eni ake amayesa kuti akulankhula zakupsa. Amati dziko losauka ngati Malaŵi lilibe nayo ntchito nkhani ya kafukufuku. Amati zimenezo nza maiko olemera, ndipo ngati alendo afuna kufufuza kanthu kuno, afufuze okha ndi ndalama zao, Boma lione za feteleza, miseu ndi malipiro. Mau ameneŵa ngabodza, ndiponso ngoopsa. Ngabodza chifukwa mbiri ya dziko lino ikuŵatsutsa poyera. Ngoopsa chifukwa amene amaŵakhulupirira ndi omwewo amagwira cholembera pa tsiku logaŵa ndalama.

Wolankhula zoterezi ayambe wakumbukira nkhani ya malungo. Kwa zaka zambiri mankhwala a klorokwini ndiwo anali chida cha chipatala chilichonse m'dziko muno. Koma m'zaka za m'ma 1980 madokotala anayamba kuona kuti mwana wamwa mankhwala onse bwinobwino, koma patangopita masiku oŵerengeka mai wake wabwera nayenso thupi lili moto. Akanangoti adandaule ndi kugwedeza mitu, ana akanapitirira kufa. M'malo mwake iwo anayeza magazi a anawo, naŵerenga tizirombo totsalira pambuyo pa mankhwala, nalemba zimene anapeza. Potsamira umboni umenewo, m'chaka cha 1993 Malaŵi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya klorokwini ndi kuyamba SP, amene anthu ambiri amamudziŵa kuti Fansidar. Pamene SP nayenso anayamba kufooka, kuyeza komweko kunachititsa kuti mu 2007 zipatala ziyambe kupereka LA. Ndipo mu 2006 ofufuza a mu Blantyre anaulula chinthu chimene chinadabwitsa akatswiri a maiko onse: klorokwini, atakhala zaka 12 osagwiritsidwa ntchito, anachizanso ana 99 mwa 100, pakuti tizirombo tosamva mankhwalawo tinali titazimirira. Mankhwalawo sanabwezedwe m'zipatala ai, koma phunziro lake linatsala, lakuti kachirombo ka malungo kamasintha, ndipo wodziŵa m'mene kasinthira ku Mangochi kapena ku Nsanje ndi yekhayo amene wapita komweko kukayeza. Zimenezo palibe buku la ku London lingauze Unduna wa Zaumoyo.

Dzina la Blantyre lili pakamwa pa madokotala a ana m'maiko ambiri kaamba ka ntchito yomweyi. Mu 1989 Dr Malcolm Molyneux ndi Dr Terrie Taylor, akugwira ntchito pa chipatala cha Queen Elizabeth, anafalitsa njira yoyezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo a mu ubongo, yotchedwa Blantyre Coma Scale. Pa chipatala chomwecho panaikidwa makina a MRI mu 2008, ndipo mu 2015 zinadziŵika kuti ana ambiri ofa ndi malungo ameneŵa amafa chifukwa ubongo umatupa mpaka kupanikiza chigawo chimene chimalamulira kupuma. Funso limene linasautsa asing'anga kwa zaka zambirimbiri linapeza yankho lake m'wodi ya ana ya mumzinda wa dziko lomwe ena akuti silifunika kufufuza.

Tsono za mainjiniya. Mwana wobadwa masiku asanakwane amakhala ndi mapapo osakhwima, amene amafwafwanyika nthaŵi iliyonse akatulutsa mpweya, kotero kuti mwanayo amatopa nkufa. Makina othandiza ana otere analipo kale ku maiko a kunja, koma mtengo wake unali wosayandikirika, ndipo akaonongeka panalibe woŵakonza. Ophunzira za uinjiniya a pa Rice University ku America, pamodzi ndi madokotala ndi anamwino a pa Queen Elizabeth, anapanga makina otchedwa Pumani. Kagwiridwe kake ka ntchito nkosavuta kumva. Timapampu tonga timene timapopera mpweya m'magalasi osungiramo nsomba timakankha mpweya wosakaniza ndi okosijeni kudzera m'timapaipi tolunjika m'mphuno mwa mwana, ndipo nsonga ina ya paipi imamizidwa m'botolo la madzi. Kuya kwa madziwo ndiko kumalamula mphamvu ya mpweya, ndipo mphamvu imeneyo imagwira mapapo kuti akhale otsekuka. Zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2014, zomwe dzina loyamba pa olemba ake linali la Dr Kondwani Kawaza, zinaonetsa kuti mwa makanda 100 oikidwa pa makinaŵa, 71 anapulumuka, pamene mwa olandira okosijeni yekha anapulumuka 44. Mkulu wa mu ofesi amene akuti kafukufuku ndi chinthu cha manyado akanene mau amenewo kwa amai amene anatuluka m'chipatalamo mwana ali kumsana.

Zitsanzo zina nzongotchula. Mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa analoŵa m'kafukufuku wa katemera wa taifodi; katemerayo anaoneka kuti amachepetsa matendawo ndi magawo pafupifupi 80 mwa 100, ndipo mu 2023 anaperekedwa kwa ana m'dziko lonse lino. Mu Epulo 2019, ku Mitundu m'boma la Lilongwe, Malaŵi anakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S m'ndondomeko ya akatemera a ana, ndipo mu 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti afalitsidwe. Mu 2011 kafukufuku wa HPTN 052, amene mabanja a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anatengamo mbali, anatsimikiza kuti kumwa ma ARV msanga kumachepetsa ndi magawo 96 mwa 100 kupatsirana kachirombo ka HIV m'banja. Chaka chomwecho akatswiri a kuno, poona kuti makina oŵerengera chitetezo cha m'thupi ngosoŵa m'zipatala za kumidzi, anayambitsa njira yoti mai aliyense woyembekezera amene ali ndi kachiromboka ayambe mankhwala nthaŵi yomweyo, kwa moyo wake wonse. Njira imeneyi, ya Option B+, maiko ena anayamba aikayikira, kenaka anaitsata.

Apa mnyozi wa kafukufuku uja amamwetulira nati: "Nzoona, koma zonsezi analipira ndi alendo. Nanga Boma litayirenji ndalama pa chinthu chimene ena akuchita mwaulere?" Pa mau ameneŵa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ayenera kuyankhidwa mosapsatira.

Nzoonadi kuti gawo lalikulu la ndalama za ntchito zimenezi linachokera ku Britain, ku America ndi ku mabungwe a kunja, ndipo palibe Mmalaŵi wa nzeru zake amene anganyoze thandizo limenelo. Akale anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Koma akale omwewo anachenjezanso kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake la ku maiko a kunja, ndipo chaka chisanathe bungwe la USAID linali litatsekedwa. M'maiko ambiri a mu Africa ntchito za kafukufuku zinaima pakatikati, ogwira ntchito anauzidwa kuti akhale kunyumba, ndipo panalibe nduna ya dziko lililonse la kuno imene inafunsidwa maganizo ake. Sichinali chiŵembu chochitira Malaŵi ai. Eni ndalama anangosintha maganizo pa ndalama zao, monga mwini chinthu ali ndi ufulu wochitira. Wolakwa ndi amene anamanga nkhokwe yake pa bwalo la mnzake.

Palinso china choposa apa. Wolipira ndiye amasankha funso. Mabungwe a kunja amaika ndalama pa zimene iwo aona kuti nzofunika, ndipo kaŵirikaŵiri amasankha bwino. Koma pali mafunso ena amene sadzafunsidwa konse ngati eni dziko saŵafunsa. Nyanja ya Malaŵi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, mazanamazana a mbuna, utaka, ncheni ndi chambo, ndipo nchifukwa chake mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malo otetezedwa a ku Cape Maclear m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Mu 2018 akatswiri anafalitsa zimene anapeza ataŵerenga DNA yonse ya mitundu 73 ya nsombazi, pofuna kumvetsa m'mene mitundu yatsopano ya zamoyo imayambira. Ntchitoyo njapamwamba, ndipo yaikulu yake inachitikira m'malabotale a pafupi ndi Cambridge. Koma chaka chomwecho bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Funso la katswiri wa ku Cambridge ndi la chiyambi cha mitundu. Funso la msodzi wa ku Malembo ndi lakuti chambo chidzabwerera liti m'khoka mwake. Mafunso onse aŵiri ngabwino, koma lachiŵirilo lili ndi mwini wake mmodzi yekha, ndiye fuko lino.

Chimodzimodzinso za makompyuta. Mu 2001 pa chipatala chachikulu cha mu Lilongwe panayambika njira yolembera odwala pa makina ongokhudza ndi chala, ntchito imene inakula pansi pa bungwe la Baobab Health, ndipo anyamata ndi atsikana a kuno ndiwo analemba mapulogalamu ake ambiri. Mu 2017 ku Kasungu kunatsegulidwa malo oyeserera ndege zazing'ono zopanda woyendetsa, zonyamula magazi okayezedwa ndi mankhwala. Luso lilipo, ndipo laoneka. Koma mbiri ya odwala, chiŵerengero cha obadwa ndi cha omwalira, zonsezi ndi chuma cha Boma, ndipo dziko limene silingathe kulipira lokha amisiri osamala makina osungira zinthu zoterezi laika makiyi a nyumba yake m'thumba la munthu wina.

Nanga pachitike chiyani? Maziko alipo kale. Lamulo la Sayansi ndi Luso la 2003 linakhazikitsa bungwe la National Commission for Science and Technology. Yunivesite ya MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 KUHeS ndi MUBAS zinayamba kuima pazokha. Mu 2007 atsogoleri a maiko a mu African Union anagwirizana kuti dziko lililonse lizipatula gawo limodzi mwa magawo 100 a chuma chimene limapanga pa chaka, kuti lipite ku kafukufuku. Chimene chatsala ndi chakuti amene amakonza ndondomeko ya chuma aleke kuona mzere wa kafukufuku ngati woyamba kudulidwa zinthu zikathina. Mphunzitsi wa pa yunivesite amene alibe mankhwala a mu labotale ali ngati mlimi wopatsidwa munda wopanda khasu. Mapeto ake amanyamuka kukalima kwa eni, ndipo Boma limene linamuphunzitsa limatsala likuŵerenga dzina lake m'nyuzi za kunja.

Wogwira ntchito m'Boma aliyense ali ndi mbali yake. Lipoti la ofufuza likafika pa tebulo, liŵerengedwe ndipo liyankhidwe, lisasanduke chotsamira cha chitseko. Kalata yopempha chilolezo cha kafukufuku, kapena bokosi la zipangizo za mu labotale limene laima pa chipata, zisachedwetsedwe miyezi ndi munthu wofuna kungoonetsa kuti ali ndi chidindo. Ndipo pogula zipangizo za zipatala ndi za ulimi, chimene chayesedwa kuno nkupambana chiyambe chaganiziridwa.

Atsogoleri a m'madera ndi a m'nthambi, amene amakhala ndi anthu tsiku ndi tsiku, udindo wao ndi wolemera koposa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Anthu osalakwa anaphedwa, ndipo ogwira ntchito za umoyo anachita mantha kuloŵa m'midzi. Mtsogoleri amene amamva bodza lotere nakhala chete wagwirizana nalo. Iye ayenera kufotokozera anthu kuti kafukufuku wa zaumoyo sayamba popanda chilolezo cha makomiti oona za ufulu wa otenga nawo mbali, kuti palibe wokakamizidwa kuloŵamo, ndipo kuti woloŵa ali ndi ufulu wotuluka nthaŵi iliyonse. Ayeneranso kuima ndi anthu ake pofunsa ofufuza kuti adzabwere kudzanena zimene apeza, pakuti magazi amene anayezedwawo ndi a ana a m'mudzimo.

Makolo a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa anapereka ana ao 28,000 kuti ana a dziko lonse apeze katemera. Anamwino a m'wodi ya makanda anachezera usiku akuyang'anira mabotolo a madzi a Pumani ndi kulemba zimene akuona. Anthu wamba anachita mbali yao mokhulupirika, osafunsa malipiro. Tsono otsala ndi amene amagwira cholembera. Fodya wa munthu ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndipo kafukufuku amene dziko lingamutche wake ndi yekhayo amene lamuikira ndalama m'ndondomeko yake ya chuma.