Kompyuta Ikuthandiza Kufufuza Mankhwala a Khansa: Tikondwere, Koma Tisapupulume

Tsiku lina, poyendera zaukhondo pa msika wina, ndinapeza anthu ataunjirira munthu wogulitsa mabotolo a mankhwala. Pa tebulo lake panali kamakina kolumikizidwa ku kompyuta. Wodwala akagwira kachitsulo ndi dzanja, wogulitsayo amamutchulira matenda, namupatsa botolo limene amati lasankhidwa ndi kompyuta. Mayi wina amene anali ndi chotupa m'bere anapereka ndalama zonse zimene anapeza atagulitsa mtedza. Nditawalangiza kuti apite kuchipatala, anandiyankha kuti anamva pa wailesi kuti masiku ano makompyuta ndiwo akupeza mankhwala a khansa.

Zimene mayiwo anamva zili ndi choonadi chake, ndipo n'chifukwa chake bodza la wogulitsa uja ndi loopsa. Tiyeni tsono, abale ndi alongo, timvetse chimene asayansi akuchita.

Thupi lathu linamangidwa ndi tizigawo tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. M'kati mwa selo muli ulusi wotchedwa DNA, m'mene muli malangizo onse a kakulidwe ka thupi. Ulusi wa m'selo imodzi yokha utatambasulidwa ungatalike pafupifupi mamita 2. Kuti ukwane m'kamalo kakang'ono chotero, umakulungidwa pa timapuloteni monga momwe telala amakulungira ulusi pa bobini. Ulusi wokulungidwa chonchi asayansi amautcha chromatin.

Koma malangizo okulungidwa sawerengeka. Motero m'selo muli gulu la mapuloteni lotchedwa SWI/SNF, limene limasuntha timabobini tija ndi kumasula malo oyenera kuwerengedwa. Gululi likaonongeka, selo imasokonezeka ndipo ikhoza kuyamba kuchulukana mosalekeza. Umu ndi m'mene khansa zina zimayambira. Kafukufuku wa mu 2013 anasonyeza kuti pa zotupa za khansa 5 zilizonse, pafupifupi chimodzi chili ndi chilema m'gulu limeneli.

Gululi limayendetsedwa ndi imodzi mwa mapuloteni awiri ofanana ngati mapasa, SMARCA4 ndi SMARCA2. Pa odwala khansa ya m'mapapo ya mtundu wofala, pafupifupi mmodzi mwa 10 aliwonse ali ndi chilema mu SMARCA4. Pofika 2014 asayansi anali ataona kuti selo ya khansa imene yataya SMARCA4 imatsamira pa SMARCA2, monga denga lotsala ndi mzati umodzi. Mukazula mzati umenewo, denga limagwa. Selo yabwino ili ndi mizati yonse iwiri, choncho umodzi ukazulidwa imaimabe. Vuto ndi lakuti mapasawa ndi ofanana kwambiri, ndipo mankhwala okantha onse awiri angavulaze ndi maselo abwino omwe.

Apa ndi pamene kompyuta ikuthandiza. Mankhwala amagwira ntchito ngati kiyi: ayenera kulowa bwino m'kamphako ka pa puloteni, monga kiyi alowera m'loko wake. Kale, kuti adziwe maonekedwe a puloteni imodzi, asayansi ankatha miyezi, mwina zaka. Mu 2020 kampani ya DeepMind ya ku London inasonyeza kuti pulogalamu yake ya AlphaFold, yomwe inaphunzitsidwa ndi maonekedwe a mapuloteni odziwika kale, ikhoza kulosera maonekedwe a ena molondola kwambiri. Luso lotere la makina ophunzira ndilo limatchedwa AI. Pofika 2022 AlphaFold inali italosera maonekedwe a mapuloteni oposa 200 miliyoni, ndipo mu 2024 Demis Hassabis ndi John Jumper analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyi, pamodzi ndi David Baker amene amapanga mapuloteni atsopano pa kompyuta. Mapulogalamu ena amayesa makiyi mamiliyoni pa loko mmodzi m'masiku owerengeka, nasankha ochepa oti akayesedwe m'labotale.

Ine ndikuona kuti imeneyi ndi ntchito yabwino yoyenera kuiyamikira. Ena amati nzeru zotere ndi za mayiko olemera, sizitikhudza. Sindigwirizana nawo. Mankhwala ophatikiza a ma ARV anayamba kupulumutsa anthu ku Ulaya ndi ku America mu 1996, ambiri tikuganiza kuti sadzatifika. Koma mu 2004 anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za m'Malawi muno.

Komabe chimene kompyuta yasankha sichinakhale mankhwala. Chiyenera kuyesedwa pa maselo m'labotale, kenaka pa nyama, ndipo pambuyo pake pa anthu m'magawo atatu, madokotala akuyang'anira chiwindi, impso ndi magazi a wodwala aliyense. Ulendo wonse umatenga zaka 10 mpaka 15, ndipo pa mankhwala 10 ofika poyesedwa pa anthu, pafupifupi 9 amalephera. Mankhwala osankha SMARCA2 anayamba kuyesedwa pa odwala ku America mu 2023, koma kuyamba kuyesedwa si kuvomerezedwa. Ngakhale atapambana, adzathandiza okhawo amene chotupa chawo chili ndi chilema chimenechi, ndipo chilemacho chimadziwika podula kanyama ka chotupa ndi kukapima m'labotale, osati pogwira kachitsulo pa msika. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kudekha kumeneku n'kwa oyembekeza mankhwala atsopano. Kwa munthu amene waona chizindikiro m'thupi mwake, kuzengereza ndi imfa. Khansa yopezeka msanga nthawi zambiri imachizika ndi njira zimene zilipo kale. Dziko lathu ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri koposa, chonsecho kuyezetsa kwake kumatenga mphindi zochepa, ndipo katemera wa HPV woteteza atsikana anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019. Amayi, mukaona chotupa m'bere kapena magazi otuluka nthawi yosayenera, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Abambo, lekani kusuta fodya, pakuti ndiye gwero lalikulu la khansa ya m'mapapo. Ndipo chifuwa chikapitirira masabata awiri, kayezetseni.

Asayansi apitirize kufunafuna kiyi wawo, ndipo tiwafunire zabwino. Koma wina akadzabwera m'mudzi mwanu ndi botolo limene akuti lasankhidwa ndi kompyuta, musamupatse ndalama zanu. Kadziwitseni alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, ndipo wodwalayo mumuperekeze kuchipatala.