KUSANKHA CHIDA CHOSOKERA KANEMA WA KWATHU

M'chigawo chapitachi tidakambirana za kujambula: kagwiridwe ka foni kuti zithunzi zisanjenjemere, ndi ulemu woyenera kutsogola pamene tikufunsa mafunso kwa akuluakulu. Lero tifike pa ntchito imene anyamata a masiku ano amaitcha kuedita, ndiko kusankha, kudula ndi kulumikiza zimene tajambula kufikira zitasanduka nkhani imodzi yomveka. Ine ndimaifanizira ntchitoyi ndi ya telala wa pakhonde la sitolo ku Ndirande. Telala akalandira nsalu sayamba ndi kufunsa kuti makina opambana onse pa dziko lapansi ndi ati. Amayamba wayeza mwini chovala, nayang'ana kulimba kwa nsaluyo, kenaka napalasa makina amene ali nawo.

Chimene chandikhalitsa pansi kulemba ndi mnyamata wina wa ku Zingwangwa amene ndidamphunzitsa mpaka Fomu 4. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023, nagumula matope ndi miyala ya phiri la Soche pa nyumba za anthu a ku Chilobwe, napha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, mnyamatayu adayenda ndi foni yake kwa miyezi ingapo kujambula opulumuka. Adapita ku Chilobwe, ku Ndirande m'mbali mwa mtsinje wa Nasolo, mpaka ku Machinjiri. Adafika pakhomo panga madzulo ena atanyamula laputopu ya kaunjika m'chikwama cha sukulu, nkhope iri yakugwa.

"Aphunzitsi," adatero, "pulogalamu yabwino koposa yosokera kanema ndi iti?"

Nditamfunsitsa adaulula kuti munthu wina, mwa aja amaika nyimbo m'mamemori khadi, adamuikira pulogalamu yotchuka koma yakuba. Pulogalamuyo inkauma iye akangokokera chithunzi, ndipo tsiku lina idakana kutsekuka, ntchito ya milungu iwiri niithera pomwepo. Ndidamuyankha kuti, "Mwanawe, funso lakolo lasokera. Undiuze kaye mphamvu ya makina akowa, maola amene magetsi amayaka kwanu, ndi ndalama zimene uli nazo za bandulo."

Wina anganene kuti nkhani imeneyi ndi yaing'ono, yosayenera tsamba lino. Iyayi. Wailesi ya kanema idayamba m'Malawi muno mu 1999, mochedwa kuposa maiko ambiri otizungulira, ndipo zithunzi zoyenda za moyo wa m'makomboni athu chisanafike chakacho ndi zowerengeka. Phiri la Ndirande lidali ndi nkhalango mpaka zaka za m'ma 1990. Mwana wobadwa lero adzangomva za m'maluwa, pakuti palibe wa ife adaijambula ikutha. Tsopano foni iri m'thumba la pafupifupi wophunzira aliyense wotsiriza sukulu, ndipo anthu akujambula ndithu. Koma zojambulazo zikuthera m'mafoni osweka, chifukwa ojambula akukakamira pa chipata chomwechi cha kusoka. Kanema wosasokedwa ali ngati nsalu yopinda mu sutikesi: njenjete ndizo zimavala.

Tiyambe ndi dzina limene aliyense amathamangira, Adobe Premiere Pro. Sinditsutsa kuti ndi chida chabwino. Akatswiri ambiri amadyera momwemo. Koma kuyambira 2013 eni ake adaleka kugulitsa mapulogalamu atsopano kuti munthu akhale nawo mpaka kale, nayamba kubwereketsa pa malipiro a mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka. Ndi nyumba ya lendi: mwezi umene simudalipire, chitseko chatsekedwa katundu wanu ali m'kati. Lendiyo ndi ya ndalama zakunja, ndipo tonse tikumbukira kuti kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, niitsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mnyamata wosagwira ntchito sangalowe m'pangano lotere. Tsono njira yachidule imene ambiri amatenga, ya pulogalamu yothyoledwa loko, ine ndiikana poyera. Choyamba, mapulogalamu otere amabwera ndi mavairasi kawirikawiri. Chachiwiri, lamulo lathu la umwini wa luso la 2016 limateteza mapulogalamu a kompyuta monga momwe limatetezera nyimbo. Ndipo kodi inu amene mwasoka kanema ndi chida chakuba mudzadandaula ndi pakamwa pati tsiku limene kanema wanuyo adzagulitsidwa mumsika popanda chilolezo chanu?

Dzina lachiwiri ndi DaVinci Resolve, ya kampani ya Blackmagic Design ya ku Australia. Iyi ndiyo imanyenga ophunzira anzeru, chifukwa iripo yaulere, yololedwa, yosaika chidindo pa kanema wamba, ndipo pokonza mitundu ya zithunzi makanema akuluakulu a kunja amaidalira. Komatu ndi ng'ombe yofuna khola lalikulu. Eni ake amalangiza kuti kompyuta ikhale ndi RAM yosachepera magigabaiti 16 pamodzi ndi khadi yamphamvu ya zithunzi, pamene malaputopu ambiri a kaunjika amene ana athu amagula ku Limbe ali ndi 4 kapena 8. Kuitsitsa kokha pa intaneti kumadya magigabaiti angapo a bandulo. Kuiika pa makina ofooka kuli ngati kusenzetsa wa kabaza katundu wa lole. Njinga idzayenda pang'ono, koma ku Bangwe siikafika. Ngati sukulu yanu kapena koleji iri ndi kompyuta yamphamvu imene mudzaloledwa kukhalapo miyezi iwiri, tengani Resolve osacheuka. Ngati mulibe, fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Nanga za m'foni momwemo, monga CapCut ndi KineMaster? Pano ndisiyana maganizo ndi aphunzitsi anzanga amene amazinyoza kuti ndi zoseweretsa ana. Kanema wa mphindi zitatu kapena zisanu, wa mpira wa pa sukulu kapena wa mzere wa amayi pa mpopi, amasokeka bwino lomwe pa foni, ndipo ana ambiri aphunzirira pomwepo luso la kudula. Vuto limadza pamene nkhani yakula. Kanema wa theka la ola, wa olankhula khumi ndi awiri, safuna chala chimodzi pa galasi laling'ono. Afuna malo oyalapo zidutswa zonse kuti diso lizione pamodzi. KineMaster yaulere imadinda dzina lake pa ngodya ya kanema. CapCut, ya kampani ya ByteDance imene idapanganso TikTok, yakhala ikusamutsira zida zina ku gawo lolipira, ndipo mu January 2025 anthu a ku America adadzuka napeza kuti yatsekedwa kwa masiku angapo chifukwa cha mkangano wa malamulo umene iwo sadaupute. Koma choopsa chenicheni ndi china. Mapulogalamuwa adadzaza ndi zokometsera: zithunzi zothwanima, zolumpha, nyimbo zovinitsa. Dzanja la mnyamata limayabwa kuti liyese zonsezo. Mayi amene akufotokoza momwe madzi adamlandira mwana kumsana safuna nyenyezi zothwanima pankhope pake.

Maganizo anga, tsono, ndi awa: wophunzira wa m'makomboni a Blantyre amene ali ndi laputopu wamba ndipo akusoka kanema wa zochitika zenizeni asankhe Kdenlive kapena Shotcut. Maina awa samveka m'kamwa mwa anyamata, ndipo maonekedwe ake sakopa maso. Ndi mapulogalamu opangidwa ndi anthu ogwirizana mwaufulu m'maiko osiyanasiyana. Kdenlive idayamba mu 2002, Shotcut niitsatira patapita zaka pafupifupi khumi, ndipo onse awiri amayendera injini imodzi yotchedwa MLT. Safuna malipiro, safuna kulembetsa dzina, sadinda kanthu pa kanema, ndipo akalowa m'kompyuta safunanso intaneti. Kukula kwa iriyonse sikufika theka la gigabaiti. Chimene aphunzitsi ayenera kumvetsetsa ndi chakuti lamulo la mapulogalamuwa limalola kugawana: mphunzitsi mmodzi atsitse, aike pa fulashi, ndipo makompyuta onse a pa sukulu, ndi a sukulu yoyandikana nayo, alandire popanda mlandu.

Sindibisa zilema zake. Nthawi zina amadzitsekera okha pakati pa ntchito. Maphunziro ake pa YouTube ndi ochepa poyerekeza ndi a Premiere, ndipo mukakakamira mwina simupeza mnzanu ku Chilomoni konse woti akutsogolereni. Amene cholinga chake ndi kukalembedwa ntchito ku nyumba zoulutsira mau ndi zithunzi adzayenera kuphunziranso zida za kumeneko. Koma wodziwa chifukwa chodulira pano osati apo sachedwa kuzolowera chida china.

Chida chikasankhidwa, pali zinthu zingapo zimene zimagwetsa anthu zomwe dzina la pulogalamu silingakupulumutseni. Jambulani pa muyeso wa 1080p, osati 4K. Chithunzi cha 4K chiri ndi timadontho tochuluka kanayi, ndipo chimalemetsa makina ndi kudzaza malo popanda phindu kwa anthu amene adzaonera pa foni kapena pa chinsalu chopachika kukhoma la holo. Makina akamalemedwabe, mapulogalamu awiri aja ali ndi njira yotchedwa proxy: amapanga timakope topepuka timene mumasokera, ndipo potsiriza amabwerera ku zithunzi zenizeni. Mafoni ambiri sajambula pa liwiro lokhazikika, kotero kuti m'kanema wautali milomo imatha kutsogola mau ali m'mbuyo. Mankhwala ake ndi kupititsa zojambulazo m'kapulogalamu kaulere kotchedwa HandBrake musanayambe kudula.

Pa mau ndiimepo pang'ono, pakuti apa ndi pamene ambiri amanyozera. Anthu amapirira chithunzi cha mdima, koma mau osamveka amawathamangitsa. M'komboni mulibe bata: chigayo, tambala, wailesi ya oyandikana nawo, mvula pa malata. Audacity, yaulerenso, imachepetsa phokoso losasintha monga kulira kwa chigayo, koma siingachotse tambala amene walira pakati pa chiganizo. Komanso Blantyre ndi mzinda wa zilankhulo zambiri. Agogo akafika pa chinthu chowawa amabwerera ku Chiyao, ku Chilomwe kapena ku Chisena, ndipo kanema adzafuna mau olembedwa pansi pake. Musadalire makina olemba okha zimene akumva; Chingerezi amachigwira, koma zilankhulo zathu amazipotoza momvetsa chisoni. Mudzalemba ndi manja anu, mzere ndi mzere, ndipo Kdenlive iri ndi malo ake a ntchito imeneyi. Kunena mwapadera, nyimbo za oimba athu nazo ziri ndi eni. Bungwe la COSOMA liripo kuyambira 1992, ndipo nyimbo siilowa m'kanema chifukwa chakuti yakukomerani.

Za magetsi sindichita kukuphunzitsani. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo tidazolowera kugwira ntchito pakati pa usiku. Chifukwa chake laputopu yofooka ya batire lamoyo iposa kompyuta yamphamvu ya pa tebulo imene imafa magetsi akangophethira. Sungani ntchito mphindi zisanu ziri zonse. Dziwaninso kuti fayilo imene pulogalamu imasunga siikhala ndi zithunzi m'kati. Ndi ndandanda chabe wa malo amene mwadula. Mukasuntha kapena kufufuta zojambula zoyambirira, ndandandawo usanduka chiphaso cha katundu amene kulibe. Zojambulazo zikhale m'malo awiri, ndipo malo achiwiriwo akhale nyumba ina, ya azakhali kapena ofesi ya ahedi. Freddy adationetsa kuti nyumba imatha kupita ndi zonse za m'kati mwake usiku umodzi.

Amene akuchita manyazi ndi zida zosauka amve izi. Malik Bendjelloul wa ku Sweden, popanga kanema wa Searching for Sugar Man wa 2012, wonena za woimba wa ku America amene adatchuka ku South Africa iye mwini osadziwa, ndalama zidamthera asanatsirize, ndipo zithunzi zina zotsala adazijambula pa foni ya iPhone. Kanemayo adalandira mphotho ya Oscar mu 2013.

Mnyamata wanga uja adayambiranso ndi Kdenlive pa laputopu yomwe ija. Zidamtengera miyezi itatu, kwambiri usiku, ndipo kanema adatuluka wa mphindi 22. Tidayamba kuonetsa eni nkhani, monga mwa mwambo, m'chipinda chophunziriramo Loweruka masana, mazenera titatchinga ndi zitenje. Utatha, anthu adakhala chete kanthawi. Kenaka agogo ena a ku Chilobwe adakweza dzanja monga mwana wa sukulu.

"Mdzukulu wanga, wagwira ntchito," adatero. "Nanga paja ndinkatchula maina a ana anayi aja, wapaika pati?"

Mnyamatayo adawerama. Adapadula poganiza kuti patalika, pakuti agogowo ankaima nthawi yaitali pakati pa dzina ndi dzina. "Pepani agogo, ndalakwa," adayankha, "ndikabwezera." Zojambula zoyambirira zidali zosungika bwino kwa azakhali ake ku Machinjiri. Adakazitenga Lolemba, nabwezera malowo usiku womwewo, maina onse anayi pamodzi ndi kuima kuja, ndipo kanemayo tsopano ndi wa mphindi 24.